Nthano Yosafika Kumapeto

Inu okulira m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi mukudziwa kuti nthawi zina agogo amasinza nthano ili pakati, chilombo chisanaphedwe. Kodi nthanoyo imaleka kukoma?

Ziliponso m'mabuku. George R. R. Martin anatulutsa buku loyamba la A Song of Ice and Fire mu 1996, nkhani ya mafumu olimbirana mpando ndi zinjoka zolavula moto. Lachisanu linatuluka mu 2011, koma awiri otsiriza mpaka lero kuli zii! Ena amakwiya nazo. Ine ayi ndithu. Ndimabwereza asanuwo monga muchitira pokonzekera MSCE, kusanthula mpangankhani aliyense: wachitanji, chifukwa chiyani? Ndiye ndimapeka ndekha amene adzakhale pampandopo, ngakhale mlembiyu sachedwa kupha amene ndamukonda.