Ndinatsata mphunzitsi wa madokotala kuyambira pa Ginnery Corner

Minibasi yochokera ku Limbe inanditsitsa pa Ginnery Corner nthawi isanakwane 7 koloko m'mawa, kondakitala atandilanda K1,000. Unali mwezi wa Okutobala ndipo dzuwa linali litayamba kale kuwotcha pakhosi. Msewu wolowera ku chipatala cha Gulupu unali wodzaza ndi amayi osenza mabasiketi a phala ndi mafulasiki a tiyi, anyamata a kabaza akuliza mahutala, ndi ogulitsa nthochi, mandasi ndi mayunitsi atandanda m'mbali mwa mpanda. Mandasi anali pa K300 limodzi. Ndinagula awiri, ndipo mafuta ake anandithimbirira m'thumba la malaya tsiku lonse.

Ndinapita kukaona anthu amene sitiwakumbukira tikamakamba za chipatala, amene amaphunzitsa madokotala. Alamu anga ndi mmodzi mwa iwo, mayi wa ana awiri, dokotala komanso mphunzitsi pa Kamuzu University of Health Sciences. Anandilola kuwatsata tsiku lathunthu bola ndisajambule munthu ndipo ndisaponde pamene pagona odwala. Ndinawapeza pachipata ali ndi chikwama cha laputopu paphewa, foni ili kukhutu.

"Mwadzuka bwanji, alamu? Tiyeni, tachedwa."

Chipatala cha Queen Elizabeth Central, chimene ambiri amachitcha Gulupu, chinatsegulidwa mu 1958 ndipo chili ndi mabedi opitirira 1,000. Munthu amamva kukula kwake ndi miyendo. Mawodi ake ndi nyumba zazitali zapansi zolumikizidwa ndi makonde ofolera, ndipo makondewo amakhota, kugawikana, kutsika ndi kukweranso, mwakuti mlendo akangoyang'ana kumbali kamodzi wasochera. Pansi panali pongokolopedwa kumene, fungo la mankhwala okolopera likulimbana ndi la phala ndi utsi wa nkhuni wochokera kumene magadiyani amaphikira. Machira a mawilo ankadutsa akulira kwi kwi, wokankha akufuula kuti timupatse njira. Alamu ankayenda mothamanga, ine ndikuwefuka kumbuyo.

Tinalowa m'chipinda cha msonkhano wa m'mawa, mmene amene anagwira ntchito usiku amafotokoza za odwala amene analandira, amene apezako bwino ndi amene atisiya. Anandikhazika pampando wakumbuyo pafupi ndi khomo. Kutsogolo kunakhala akatswiri, pakati madokotala amene akuphunzira ukatswiri, kumbuyo ophunzira ovala majasi oyera, ena ataimirira chifukwa mipando inachepa. Mnyamata wina wa maso ofiira ndi tulo anawerenga nkhani ya wodwala mmodzi, osatchula dzina. Mkulu wina anamufunsa chifukwa chimene anasankhira mankhwala amene anapereka. Mnyamatayo anayankha, nafunsidwanso, nayankhanso, mpaka anafika pamene mawu anamuthera. M'chipinda munati zii. Mkuluyo sanakalipe. Anafotokoza pang'onopang'ono, kenako anatembenukira kwa katswiri mnzake n'kumufunsa ngati iye akanachita mosiyana, ndipo awiriwo anatsutsana pamaso pa ana awo a sukulu kwa mphindi zingapo.

Mwa zonse zimene ndinaona tsikulo, apa m'pamene ndinaona mphunzitsi akuphunzira. Panalibe alawansi, panalibe hotela ya kunyanja.

Mzere wakutsogolowo unali wa Amalawi ambiri, ndipo amayi sanali ochepa. Kale sizinali choncho. College of Medicine inayamba mu 1991 pansi pa University of Malawi, ndipo ophunzira ake oyamba anayambira maphunziro kunja, ku Britain ndi maiko ena, n'kudzamalizira kuno. Aphunzitsi ambiri a nthawi imeneyo anali ochokera kunja, ndipo woyamba kutsogolera sukuluyi anali Geoffrey Dahlenburg wa ku Australia. Mmalawi amene anamenyera nkhondo kuti dziko lino liziphunzitsa lokha madokotala ake anali John Chiphangwi, katswiri wa matenda a amayi. Ambiri mwa amene anakhala kutsogolo m'mawa umenewu ndi ana a sukulu yomweyi amene anapita kunja kukanola ukatswiri n'kubwerera. Ena a m'kalasi mwawo sanabwerere, ali ku Manchester, ku Gaborone ndi ku Johannesburg.

Itakwana nthawi yoyendera odwala, ndinatsala pabenchi pakhonde, moyang'anizana ndi khomo la wodi. Ndinakhalapo maola atatu ndipo matako anachita dzanzi. Kuchokera pamenepo ndinkaona gulu la majasi oyera likusuntha bedi ndi bedi, alamu ali pakati, akuwerama kulankhula ndi wodwala m'Chichewa, kuweramuka kufunsa ophunzira m'Chingerezi, kulemba m'faelo, kuyankha foni, kuweramanso. Pabedi lina anaima nthawi yaitali. Gogo amene anali pamenepo ankalankhula Chiyao chokha, ndipo namwino wina anaitanidwa kudzamasulira. Chipatalachi chimalandira odwala otumizidwa kuchokera m'chigawo chonse cha kum'mwera, kuyambira ku Mangochi mpaka ku Nsanje, choncho mphunzitsi amene gulu lake lili ndi wodziwa Chiyao, Chisena kapena Chilomwe amapeza matenda msanga kuposa amene ali ndi anthu a chilankhulo chimodzi. Amene amati kusakaniza anthu osiyanasiyana pantchito ndi nkhani yongosangalatsa opereka ndalama akhale kaye pabenchi limeneli.

Titachoka ku wodi tinakhota kangapo, ndipo mwadzidzidzi tinatulukira pa nyumba zatsopano za magalasi. Mlonda, buku losaina, chitseko cholemera. M'kati munali kuzizira. Phokoso lonse linatsala kunja.

Awa ndi malo a Malawi-Liverpool-Wellcome Programme, pulogalamu ya kafukufuku imene inayamba mu 1995 mogwirizana ndi University of Liverpool, Liverpool School of Tropical Medicine ndi bungwe la Wellcome. Pali ma labu, zipinda za misonkhano ndi nyumba yatsopano yotchedwa CREATOR yophunzitsiramo akatswiri ndi ochita kafukufuku. Achinyamata anakhala chete pa makompyuta, ena atavala zomvera m'makutu akulankhula ndi aphunzitsi awo amene ali kutsidya kwa nyanja. Ntchito imene yachitika pabwalo la chipatala chino si yamasewera. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor anakonza njira yoyezera kuya kwa kukomoka kwa mwana wodwala malungo a m'bongo, imene dziko lonse limaitcha Blantyre Coma Scale. Njira yosankhira ana odwalitsitsa pamzere kuti athandizidwe msanga, yotchedwa ETAT, inakulira kuno m'manja mwa Elizabeth Molyneux ndi anzake. Kuyambira mu 2018 katemera wa taifodi anayesedwa pa ana pafupifupi 28,000 a ku Ndirande ndi Zingwangwa.

Dokotala wachinyamata akapeza malo m'nyumba ngati zimenezi, njira yake imatseguka: amapeza womulangiza, ndalama za PhD, ulendo wa kumisonkhano ya kunja, ndipo koposa zonse amapeza masiku amene sayembekezeka kukhala ku wodi. Koma ndalama za kafukufuku zimatsata matenda amene ozipereka asankha, makamaka malungo, chifuwa chachikulu ndi HIV. Amene amaphunzitsa za mafupa ndi minofu kwa a chaka choyamba, kapena za matenda a maganizo, kapena amene mphatso yake ili pophunzitsa pambali pa bedi, sapeza zitseko zambiri chotere. Ndipo m'mayunivesite ambiri, kuno ndi kunja komwe, munthu amakwezedwa kukhala pulofesa poona makamaka mapepala a kafukufuku amene wasindikiza. Maola atatu amene ndinaonerera pakhonde aja salowa bwino m'fomu yopempha kukwezedwa.

Tinadutsa pa Mercy James Centre, chipatala cha maopaleshoni a ana chimene chinatsegulidwa mu 2017 ndi thandizo la bungwe la woimba Madonna, kumene Eric Borgstein waphunzitsa madokotala ochita maopaleshoni a ana. Sitinalowe. Alamu analoza cha ku Chatinkha, kumene kuli makanda obadwa masiku asanakwane, n'kunditchulira za makina othandiza kupuma otchedwa Pumani, amene anakonzedwa mogwirizana ndi Rice University ya ku America, ndi za Queen Dube, dokotala wa ana amene anagwirapo ntchito imeneyo asanakwere kukhala mkulu mu unduna wa zaumoyo. Anamutchula monyadira, ngati mmene mtsikana amatchulira mkulu wake amene anakhoza mayeso.

Chakudya chamasana tinadyera pa kanyumba kena kunja kwa mpanda, nthawi itadutsa kale 2 koloko. Nsima ya nkhuku inali pa K4,500, ya nyemba K2,500. Ndiwo zinali zitazizira ndipo ntchentche zinatipeza ife tisanasambe m'manja. Alamu anadya theka, foni inalira, anaimirira kukayankhira panja, ndipo pobwera njala inali itawathera. Pathebulo loyandikana nalo madokotala atatu ankawerengera mtengo wa tikiti ya ndege ndi ndalama yolembetsera msonkhano wina wa akatswiri, zonse m'madola. Kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mayeso a ukatswiri, mabuku ndi malipiro osindikizira pepala m'magazini a kunja sizigulidwa ndi kwacha. Mmodzi anaseka n'kunena kuti adzauonera pa Zoom.

Apa m'pamene ndinafunsa za kutopa. Anthu awa anaima pa mliri wa Covid mu Januwale 2021, pa kolera wa mu 2022 ndi 2023, ndi pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, pamene ovulala ndi mitembo yochokera ku Chilobwe zinkabwera pa chipata chomwechi. M'mawa mwake ankayenerabe kuima pamaso pa kalasi. Alamu anati pamene amatula nkhawa ndi m'kachipinda ka tiyi, ndi mnzawo amene anali nawo usiku womwewo, kapena kutchalitchi Lamlungu. Dokotala wamkulu savomera msanga kuti zamukulira, makamaka pamene katswiri wa maganizo amene angamuone ndi mnzake wa pantchito kapena mwana wake wa sukulu. Pa Malawi pano akatswiri amenewo ndi owerengeka, ndipo onse amadziwana.

Kuchokera ku chipatala kupita ku kampasi ya pa Mahatma Gandhi Road ndi ulendo wa mphindi ngati 15 wapansi. Wa kabaza anati K1,500, ife tinayenda. Fumbi linali lofiira, maluwa a jakaranda atagwera m'ngalande, ndipo kum'mwera phiri la Soche linkaoneka mwa chizimezime chifukwa cha utsi wa moto wa tchire. Nsapato yanga yakumanzere inayamba kunditupitsa chithendene. Aphunzitsi ena amayenda njira imeneyi kawiri kapena katatu patsiku.

Pa kampasi pali bata lina, la kapinga wothirira ndi ophunzira okhala m'magulu pansi pa mitengo. Zikwangwani n'zatsopano, chifukwa mu 2021 College of Medicine inaphatikizidwa ndi Kamuzu College of Nursing, imene inayamba mu 1979, kupanga yunivesite imodzi. Anamwino ndi madokotala, amene ku wodi amadziwa bwino kuti wamkulu ndani, tsopano amakhala pa makomiti amodzi ngati aphunzitsi ofanana. Mbali ya anamwino ndi imene yakhala ndi amayi ambiri pa utsogoleri kuyambira kale. Address Malata, mayi woyamba kutsogolera yunivesite ya boma m'dziko muno, ku MUST, anachokera kumeneko. Palinso sukulu ya madokotala a mano imene inayamba mu 2019 mothandizidwa ndi University of Glasgow, ndipo sukulu yatsopano iliyonse imafuna aphunzitsi amene ayenera kuyamba aphunzitsidwa kaye.

Laibulale ili ndi dzina la John Chiphangwi. M'kati munali fungo la mapepala ndi polishi, ndipo malo onse oyandikana ndi soketi anali ndi eni ake. Pa bolodi lina pakhonde ndinaima nthawi ndikuwerenga zolengeza: maphunziro a kalembedwe ka pempho la ndalama za kafukufuku, maphunziro a kaphunzitsidwe, mwayi wa sukulu kunja. Mwayi ulipo ndithu. Koma zambiri mwa zimenezi zimafuna munthu amene wangomaliza kumene ukatswiri, ndipo zaka zimenezo ndi zomwezo zimene mayi amabereka ndi kuyamwitsa. Bambo akapeza zaka zitatu za ku Liverpool kapena ku Cape Town, abale amamuperekeza ndi nthungululu. Mayi amayamba wafunsidwa kuti ana atsala ndi yani. Poimika magalimoto ndinaona mtsikana wolera akuyendayenda ndi khanda pamthunzi, ndipo posakhalitsa mayi wa jasi yoyera anatuluka m'kalasi, nalowa m'galimoto kukayamwitsa, choko cha pabolodi chidakali m'manja.

Alamu anaphunzitsa ola limodzi, kenako anakhala ndi wophunzira wa digiri yachiwiri kukonza pepala lake mzere ndi mzere. Ofesi yawo amagawana ndi anzawo, ndipo pakona panali mulu wa mapepala a mayeso osachonga. Pofika 5 koloko anaupakira m'chikwama. Sankapita kunyumba. Monga madokotala ambiri akuluakulu a mu Blantyre, madzulo ena amakaona odwala ku chipatala cholipira kuti fizi ya ana ikwane, ndipo mapepalawo amayamba kuchongedwa ana atagona.

Ndinawafunsa chimene angapemphe atapatsidwa mwayi wopempha chimodzi. Sanatchule malipiro, ngakhale ndikudziwa kuti akuwafuna. Anati tsiku limodzi pa sabata lopanda wodi, lopanda kalasi, foni itazimitsidwa, kuti awerenge ndi kulemba. Tsiku limenelo silingatheke pokhapokha pali katswiri wina woimirira m'malo mwawo, ndipo katswiriyo amatenga zaka zoposa khumi kuti apangidwe kuyambira tsiku limene walowa sukulu ya udokotala. A unduna wa zaumoyo, a zamaphunziro ndi inu abwenzi opereka ndalama: lipirirani malo ambiri a madokotala ophunzira ukatswiri, ndipo akamaliza muwalembe ntchito asanapite ku Gaborone.