Mphika Umodzi Pakati pa Magharibi ndi Isha



Kuno ku Mulanje m'miyezi ya June ndi July dzuwa limalowa 5 koloko itangopitirira pang'ono. Mayi amene waweruka ku minda ya tiyi, kusukulu kapena kumsika wa pa Chitakale amafika pakhomo azana ya Magharibi ili pafupi. Ana nawo ndiye akuchokera ku madrasa, njala itawapweteka. Kukakhala chiperoni, kamvula kozizira kaja kamachokera ku Mozambique, nkhuni zimakhala zonyowa ndipo moto umangofuka utsi. Tsono taonani ntchito imene ikumudikira mayiyu: nyama mphika wake, masamba mphika wake, nsima mphika wake, zonsezo pa mbaula imodzi motsatizana. Nthawi ya Magharibi ndi yaifupi, tonse tikudziwa. Amayi ambiri imawathera mthiko uli m'manja, ndipo pamene nsima ikupakulidwa, mwana wamng'ono wagona kale pamphasa osadya. Nkhaniyi sitiikamba kawirikawiri pa misonkhano yathu ya amayi, koma ili m'nyumba zambiri.

Nchifukwa chake pakhomo pathu, masiku awiri kapena atatu pa sabata, timadya chakudya cha mphika umodzi: nyama ya ng'ombe, mpunga ndi nyemba zophikira pamodzi. Mwana wanga wamkazi ndi amene adandionetsa kaphikidweka pa foni yake, nati azungu amatcha burrito. Dzinali ndi la Chisipanishi ndipo limatanthauza kabulu kakang'ono. Chakudyachi kwawo nkumpoto kwa Mexico, kumene amakulunga nyama ndi nyemba m'kamkate kopyapyala ka ufa wa tirigu kofanana ndi chapati. Chitafika ku California anthu adayamba kuthiramo mpunga ndi tchizi, ndipo amayi otanganidwa a kumeneko adaona kuti nkwapafupi kuphika zonsezo mumphika umodzi.

Ine nditaona zolowamo ndidangoseka. Chachilendo ndi dzina lokha. Nyemba, tomato, tsabola, mapeyala, ngakhale chimanga chimene timatama kuti nchathu, zidachokera ku America, zambiri mwa izo ku Mexico komweko, ndipo zidafika mu Africa pa zombo za Apwitikizi ndi amalonda ena chitadutsa chaka cha 1500. Inu a ku Nkhotakota, Salima ndi Mangochi amene mudakulira pa mpunga ndi pilau simungaone chodabwitsa apa.

Kaphikidwe kake nkotere, pa banja la anthu 6. Tengani nyama theka la kilogalamu, yogayitsa ngati kubutchala kwanu kuli makina, apo ayi iduleni tizidutswa ting'onoting'ono ngati nsonga ya chala. Ikazingeni m'mafuta pang'ono mpaka ifiire, kenaka thirani anyezi 2, adyo, tomato 3, mchere, ndi kambuzi mmodzi ngati ana anu amapirira tsabola. Amene muli ndi zonunkhiritsa za pilau thiraniko supuni yaing'ono. Tomato akasungunuka, thirani mpunga wotsuka makapu 2, muutakase ndi nyamayo kanthawi kuti ulowe mafuta, ndipo mutsatize nyemba zophikaphika kapu imodzi ndi theka, ndi madzi otentha makapu 4. Zikawira, phulani makala ena kuti moto uchepe, vundikirani, ndipo makala mwaphulawo muwaike pa chivundikiro monga timachitira ndi mpunga wa pa ukwati. Mukatero musavundukulenso kwa mphindi 20. Mphindi zimenezo ndi zanu: kachiteni wudhu, yalani mkeka, swalini modekha. Mphika wotere sufuna mlonda. Koma mbaula ikhale panja kapena pakhonde, kutali ndi ana okwawa, chifukwa utsi wa makala m'nyumba yotseka umapha.

Chinsinsi chili pa nyemba. Nyemba zouma sizingapse pamodzi ndi mpunga, choncho ine ndimaphika zambiri dzulo lake kapena m'mawa, zina tidyere nsima, zina ndisungire madzulo. Nyengo ya nandolo wamuwisi, amene kuno ku Mulanje pafupifupi munda uliwonse uli naye, ndimathira nandoloyo m'malo mwa nyemba, ndipo kwa ine ndiye amakoma kuposa. Mpunga wa Faya umakwanira bwino. Kilombero wa ku Karonga musamuonongere apa, fungo lake limatayika mu tomato ndi adyo. Msungireni tsiku la Eid.

Nyama ya ng'ombe zathu zachikuda imakhala yolimba. Mankhwala ake tili nawo kuno, pakuti Mulanje ndi kwawo kwa chinanazi. Finyirani madzi a chinanazi chachiwisi supuni ziwiri pa nyama yodulayo, idikire mphindi 15, ifewa. Mukaisiya nthawi yaitali imasanduka phala. Kunyanja papaya wosapsa amagwira ntchito yomweyo. Tchizi ngwodula, ndipo sindiona chifukwa chomufunira: peyala lakupsa loduladula pamwamba, ndi chambiko pang'ono kwa ochikonda, basi. Tsiku limene kwatsala chapati, ana amakulungiramo chakudyachi nkumadya ndi manja, ndipo pamenepo ndiye chasanduka burrito weniweni.

Za nyama yozinga sindikukayikirani inu a kunyanja, kumene pafupifupi butchala iliyonse ili ndi wozinga wodziwika. Kuno Asilamu tilipo, makamaka m'madera a mafumu a Chiyao monga Chikumbu ndi Mkanda, koma ndife ochepa, ndipo munthu umayenera kufunsa amene wazinga usanatulutse ndalama. Ana athu amene ali ku Johannesburg ndi Cape Town adziwenso kuti m'malesitilanti a zakudya za ku Mexico nthawi zina nyemba ndi timikate tija amaziphika ndi mafuta a nkhumba, ngakhale nyama yake itakhala ya ng'ombe. Afunse asanadye.

Vuto lalikulu la chakudyachi si la kukhitchini ayi. Apongozi anga atabwera kudzatichezera adadya mbale yonse, natsuka m'manja, kenaka nkufunsa: "Nanga mayi, nsima mutipatsa nthawi yanji?" Ndidawayankha mwaulemu kuti, "Amayi, mawa masana ndikuphikirani ya ufa woyera ndi chambo chimene mwatibweretsera chija." Sadakwiye, koma ndidadziwa zimene amaganiza, ndipo ndi zimene ambiri amaganiza: kuti mkazi wophika mphika umodzi ndi waulesi, ndipo kugona osadya nsima nkugona ndi njala. Nsima ine ndimaikonda, ndipo Lachisanu tikachokera ku Juma, Loweruka ndi Lamulungu siisowa pakhomo pathu. Koma sindidamvepo shehe aliyense akunena kuti nsima ya usiku ndi faradhi. Swala ndiyo faradhi, kwa bambo ndi kwa mayi yemwe. Mayi Aisha adasimba kuti Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, ankathandiza ntchito za pakhomo pake, ndipo nthawi ya swala ikakwana ankanyamuka kukaswali. Abambo amene simungathe kugona popanda nsima, mthiko suluma. Kwathu bambo a ana ndi amene amadula anyezi, ndipo mnyamata amakoleza mbaula asanavule kanzu ya ku madrasa.

Palinso nkhani ya nkhuni. Amene mudafikako kuno mudaona amayi akutsika m'phiri ndi mitolo yaitali pamutu, ndipo chaka ndi chaka amakwera patali kuti aipeze. Mkungudza, mtengo wa dziko lathu, watsala pang'ono kutheratu m'phirimo. Titaona matope ndi miyala zikutsika kudzakwirira midzi ya ku Mulanje ndi Phalombe pa namondwe wa Freddy mu March 2023, ambiri tidayamba kuliyang'ana phirili ndi mantha. Mphika wanga umodzi sungabweze mitengo, koma thumba la makala limakhalitsa, ndipo zimenezo ndimaziona m'chikwama mwezi ukamatha.

Chikatsala, musachisiye mumphika usiku wonse nyengo yotentha, chifukwa mpunga ndi nyemba sizichedwa kusasa. Ine ndisanapakulire ana ndimayamba ndapatula mbale ya agogo oyandikana nafe amene amakhala okha. Makoko a pansi pa mphika ndi a amene watsuka mbale tsikulo, ndipo ndi tsiku lokhalo limene ana anga amalimbirana ntchitoyo.