Ku Kapichira, kumene chinkhwe sichikwatira mwachisawawa

Mukachoka ku Blantyre, kutsika zitunda za Thabwa n'kuwoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, kutentha kwa ku Chikwawa kumakulandirani musanatsike n'komwe galimoto. Mukapitirira pa boma kulowera ku Majete, mufika pa mathithi a Kapichira. Apa ndi pomwe sitima ya David Livingstone inalephera kupitirira mu 1859, ndipo lero pali makina a EGENCO opangira magetsi, aja anaonongeka ndi namondwe wa Ana mu 2022 dziko lonse n'kulira mdima.

Ambiri amabwera kudzajambula madzi ndi njovu. Koma m'mamawa, tayang'anani m'mwamba mwa mitengo. Mukamva kulira kwakuthwa ngati likhweru, n'kuona mbalame yobiriwira ya mutu wotuwirako ikuuluka mwaliwiro, chimenecho ndi chinkhwe. Chikatambasula mapiko, kunsi kwake kumaoneka chikasu.

Zinkhwe zimadziwika ndi kukhulupirika. Zikagwirizana ziwiri, zimakhala limodzi nthawi yaitali, kukonzana nthenga, ndipo yaikazi ikamafungatira mazira m'mphako, yaimuna imaibweretsera chakudya. Ndiye kusankha bwenzi kwa mbalamezi si nkhani yamasewera: ikaphonya, ana ake ndi amene amalipira.

Chifukwa chake chili m'magazi. Zinkhwe, nsomba, mbewa ndi anthufe tili ndi gulu la majini lotchedwa MHC, lomwe limathandiza thupi kuzindikira tizilombo toyambitsa matenda. Mwana amatenga mbali ina kwa mayi, ina kwa bambo. Makolo akakhala ndi majini osiyana, thupi la mwana limazindikira matenda amitundu yambiri, ngati mlonda wodziwa nkhope za akuba ambiri. Akakhala pachibale, mlondayo amadziwa nkhope zochepa.

Akatswiri anapeza kuti mbewa za m'malabotale zimatha kununkhiza kusiyanaku posankha mwamuna kapena mkazi. Mu 1995 ku Switzerland, Claus Wedekind ananunkhizitsa atsikana malaya omwe anyamata anagona nawo, ndipo ambiri anakonda fungo la amene MHC yawo inali yosiyana ndi yawo. Agogo athu analibe labotale, koma ankayamba afunsa mfunda wa mnyamata asanalole chinkhoswe.

Kwa zinkhwe, chitetezo cholimba n'chofunika zedi. Pali kachilombo komwe kamathothola nthenga ndi kupundula milomo yawo, ndipo kavutitsa zinkhwe za ku Cape ku South Africa, zomwe zatsala zosakwana 2,000.

Komatu kuti usankhe, pamafunika osankhapo. A African Parks, omwe akuyang'anira Majete kuyambira 2003, amadziwa bwino zimenezi. Atabweretsa mikango kuchokera ku South Africa mu 2012, anadzaonjezeranso ina pofuna kupewa kuberekana pachibale. Chinkhwe sichisowa lole kapena ndege. Mpanda wamagetsi chimangoulumpha pamwamba. Chomwe chimasowa ndi mitengo ikuluikulu yokhala ndi mphako monga milambe ndi tsanya, pakuti sichimanga chisa cha udzu ngati mpheta.

Apa ndi pomwe nkhaniyi ikutikhudza ife a m'tauni. Matumba a makala omwe timakumana nawo panjinga pokwera Thabwa ndi mitengo yomwe inatenga zaka zambirimbiri kuti ikule. Nkhalango za pakati zikatha, magulu a zinkhwe amatalikirana, kagulu kalikonse n'kutsala kokha, kumangokwatirana pachiweniweni. Onjezani anapiye omwe amatoledwa m'mphako kukagulitsa ngati ziweto, komanso poizoni wothiridwa m'maiwe yemwe wapha tizinkhwe tating'ono ta nkhope yofiira ku Liwonde.

Mukapita ku Kapichira, lawirirani dzuwa lisanawawe, tengani madzi okwanira, ndipo pemphani wokuperekezani akuonetseni mitengo yamphako. Wina akakutsatsani mwana wa chinkhwe m'katoni, kanani. Ameneyo akanadzakhala mkamwini wa gulu lina kutsidya kwa Shire.