Ku Mtenguleni, akufa nawo ali pa mwambo

Munaonapo pa TikTok anthu a ku Mexico atapenta nkhope monga chigaza, kupelekela akufa awo chakudya kumanda pa 1 na 2 November? Osasilila, anzanga. Kwelani basi ya ku Chipata pa Intercity, Chiwelu chothela cha February chikupezeni pa Mtenguleni, ku Ncwala ya Angoni.

Ambili amapitila moba na maselfie. Koma Ncwala ni kuthokoza Mulungu na mizimu ya makolo pa zakudya zatsopano. Mwa mwambo, simudya chimanga chachiwisi, dzungu olo nzimbe Inkosi ya Makosi Mpezeni asanalawe. Atsamunda anauletsa mwambowu itatha nkhondo ya 1898, pomwe anapha Nsingo, mwana wa Mpezeni woyamba. Unabwelela mu 1980.

Gule wake ni ngoma, koma ng'oma yoimba simuzaiona. Azibambo ovala zikumba, nkholi na chishango m'manja, amaponda nthaka mpaka muimvela m'chifuwa, azimai akuomba m'manja.

Manje apa ndiye pa nkhani: ng'ombe yamphongo yakuda. Amailasa na mkondo, magazi ake aapeleka kwa Nkosi kuti amwe. Iyi ni nsembe, ndipo oitanidwa eni-eni ni makolo amene anawoloka Zambezi na Zwangendaba mu 1835. Foni ibwezeni m'thumba pang'ono, muyang'ane nkhope za madoda.

Malo ogona ku Chipata amadzala msanga, gwililanitu. Ni nthawi ya mvula, so nsapato zoyela zisiyeni ku komboni.