Zomwe chipsera cha pamimba chinandiphunzitsa

Kwathu ku Kaporo, m'boma la Karonga, ndinkadziyesa namkungwi pa nkhani za uchembere. Chiberekero chitang'ambika pa mimba yachinayi, unamkungwi wonse unathera kufiyeta. Amayi anzanga, sekani pang'ono, poti enanu mudziona muno.

1. Mwana wachitatu ndinachira pa opaleshoni. Anamwino anati papite zaka ziwiri ndisanatengenso pathupi. Ine poona kuti pamimba pauma, ndinati zatheka. Chonsecho chipsera chenicheni chili pachiberekero, ndipo thumba la mpunga losokedwa limayambira pamsoko kuphulika. Kupola kwa kunja sikulimba kwa mkati.

2. Kusikelo anandilangiza kuti masiku akayandikira ndikadikirire kuchipatala chachikulu cha Karonga, komwe amachita opaleshoni. Mtima wanga unali pa mpunga wa Kilombero womwe mbalame zinkautha kumunda. Inunso muli ndi chanu chokukanikitsani kuchoka pakhomo, ndikudziwa. Mayi wachipsera matenda azimuyambira ali kuchipatala.

3. Matenda atachedwa, azakhali anandipatsa mankhwala azitsamba a mwanamphepo, ati mwana afulumire. Boma lidaletsa azamba kubereketsa mu 2007, koma mankhwalawa sanachoke m'midzi. Ndinagugudiza kapu yonse mothokoza. Chiberekero chinayamba kufinya mosapumira, njira isanatseguke. Mankhwala opanda muyezo sadziwa kuti mkati muli msoko.

4. Apa ndiye pondichititsa manyazi. Nditamva ululu wong'amba, kufinya kuja kunangoti zii, ine n'kumati Mulungu wayankha, ndipumeko. Posakhalitsa kunabwera chizungulire, thukuta lozizira ndi magazi, mwana osagundanso. Matenda akaleka mwadzidzidzi mwana asanabadwe, musayale mphasa, thamangani.

5. Bambo a kunyumba anayamba kusaka galimoto usiku womwewo, mvula ikugwa, ndalama ili m'matumba a mpunga wosagulitsa. Tinafika ndatheratu mphamvu. Madokotala anachotsa chiberekero ndi kundiika magazi a anthu omwe sindidzawadziwa. Ine ndinapulumuka, mwana ayi. Za mayendedwe muzikambirana mimba ikadali yaing'ono, nambala ya woyendetsa galimoto ikhale mufoni.

Masiku ano ndikaona mayi woyembekezera pamjigo, ndimamufunsa mosachita manyazi ngati anachitidwapo opaleshoni. Ena amati ndine wolongolola. Ndimavomera, kenako ndimafunsanso kuti akachirira kuti.