Kalata yochokera pa madenga a ku Joni

Johannesburg, 19 Novembala 2023

Okondedwa Amayi, ndi nonse pakhomopo,

Choyamba ndifuna kumva za moyo wanu, makamaka mwendo uja unkakusowetsani tulo. Ine kuno ndili bwino, Mulungu akundisunga. Mwakhala mukundifunsa kuti ntchito yanga ndi yotani yoti masana sindiyankha foni. Mayunitsi amatha nkhani isanafike pakati, ndiye ndalemba kuti alamu akuwerengereni madzulo. Mng'ono wanga akhale pomwepo, chifukwa theka la kalatayi ndi lake.

Ndikudziwa kuti mtima wanu sunakhazikike chimvereni za moto wa pa 31 Ogasiti ku Marshalltown, umene unapha anthu oposa 70, ena mwa iwo Amalawi anzathu. Uko ndi mkati mwa tauni. Ine ndimakhala kutali nako, ku Cosmo City, m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya mayi wina, pamodzi ndi mnyamata wa ku Ntcheu. Ufa timaugula wa m'sitolo. Nsima yake amati pap, ndipo ndi yokhakhala ngati ya mgaiwa.

Mzindawu ndimauona ndili pamwamba, monga amauonera akhwangwala. Uli pamtunda wokwera mamita oposa 1,700, kuposa ngakhale pa boma pa Dedza, n'chifukwa chake mu Juni chisanu chimayera mbuu pa udzu. Palibe nyanja kapena mtsinje waukulu umene unakopa anthu kudzakhala pano; chinawakopa ndi golide amene anapezeka mu 1886. Kummwera kukadali zitunda zachikasu za dothi lofukulidwa m'migodi, ndipo ndikaziona ndimakumbuka agogo aamuna ndi nkhani zawo za pa Wenela. Iwo ankatsika pansi pa nthaka, mdzukulu wawo akukwera madenga a mzinda womwewo. Ndikaima pa denga kumpoto kuno ndimaona nsanja ya Hillbrow, nyumba yozungulira ya Ponte, ndi nyumba zamagalasi za ku Sandton. Kungowoloka msewu wa M1 kuchokera ku Sandton kuli Alexandra, kumene mabanja athithikana m'zisakasa za malata. Mwezi wathawu mitengo ya jakaranda inachita maluwa, misewu yonse n'kukhala yofiirira ngati ku Blantyre. Minibasi kuno amati taxi, ndipo palibe kondakitala woitanira. Ukaloza chala kumwamba ndiye kuti ukupita ku tauni, ukaloza pansi ndiye kuti ukutsikira chapafupi.

Chimene simungakhulupirire, Amayi, n'chakuti dziko lolemera chotere magetsi akuthimathima kuposa mmene tinkadandaulira Kapichira atawonongeka ndi namondwe Ana. Kampani yawo ndi Eskom, dzina longa ESCOM yathu. Chaka chino cha 2023 pafupifupi tsiku lililonse amathima, ndipo ikafika imene amati Stage 6 timakhala maola asanu ndi atatu kapena kuposa opanda magetsi. Maloboti a pamsewu amafa, majenereta amalira mbali zonse. Aliyense amene ali ndi ndalama akufuna sola, ndipo m'menemo ndi mmene ife tapezera ntchito.

Poyamba ndinkagwira ganyu kwa bwana wina amene ankatitola pamsewu m'mawa. Tinkakwera ndi nsapato zathu zomwezi, opanda lamba, opanda chingwe. Tsiku lina pa denga la nyumba yosungiramo katundu, mnzanga wa ku Tete anaponda lata la pulasitiki lolowetsa kuwala. Linali litada ndi fumbi, losasiyana ndi malata enawo. Ndinangomva phofo! Kutembenuka, munthu palibe. Ali moyo, koma anathyoka chiuno ndipo sadzakweranso denga. Ali ndi ana atatu. Sindinakuuzeni nthawi imeneyo poopa kukudetsani nkhawa, koma sabata yomweyo ndinasiya.

Kampani imene ndili tsopano siilola munthu kugwira makwerero asanapite ku maphunziro. Anayamba atitumiza kwa dokotala kuti aone maso, kuthamanga kwa magazi, ndiponso ngati sitichita chizungulire. Kenako tinakhala sabata yathunthu m'kalasi ndi pa denga lophunzirirapo. Anatiuza kuti lamulo la dziko lino la chitetezo cha pantchito, la 1993, limakakamiza bwana kupereka zodzitetezera kwaulere, ndipo malamulo a zomangamanga a 2014 amafuna kuti pakhale dongosolo lolembedwa loteteza anthu kugwa ntchito ya pamwamba isanayambe. Zinandiwawa kumva zimenezi, poganiza kuti mnzanga uja lamulo linali kumbali yake iye osadziwa.

Tinaphunzira kuvala lamba wogwira thupi lonse, mapewa ndi ntchafu, amene amati harness, ndi kukoleka chingwe chake pamalo olimba, osati pa paipi kapena pa ngalande ya madzi. Makwerero, pa mamita anayi alionse okwera, miyendo yake italikire khoma mita imodzi, nsonga ipitirire denga ndi mita imodzi, ndipo amangidwe. Pa malata umaponda pamzere wa misomali, pamene pansi pali thabwa. Chimene sindinkachiganizira n'komwe ndi ichi: munthu akagwa n'kulendewera pa lamba, sikuti wapulumuka kale. Magazi amadzadzana m'miyendo, ndipo akachedwa kumutsitsa amakomoka, mwinanso kufa. Tinachita kuyeserera kutsitsana mpaka manja anazolowera.

Tsopano iwe mng'ono wanga, tchera khutu. Ndamva kuti watchuka pa Linthipe, ukuikira anthu masola m'magolosale ndi m'nyumba za aphunzitsi. Ndakondwa, luso limenelo lidzakudyetsa. Koma mphunzitsi wathu, bambo wachikulire wokhala ndi chipsera padzanja, anatiuza mfundo imene ndikufuna ikukhale m'mutu: panelo ilibe pozimitsira. Dzuwa likangoiwomba ikupanga magetsi, kaya waya walumikiza kaya ayi. Zazikulu zimene timaika kuno, zotalika mamita awiri ndi zolemera makilogalamu oposa 25, iliyonse imatulutsa mavoti pafupifupi 50. Ukalumikiza khumi motsatizana afika 500, pamene a m'nyumba ndi 230 okha. Komanso magetsi a sola ndi a DC, oyenda mbali imodzi osapumira. A m'nyumba amasinthasintha mbali, ndiye kamoto kakathetheka kamazima msanga. A DC akathetheka amagwira lawi ngati la wowotcherera zitsulo, losazima lokha. N'chifukwa chake sitizula mapulagi a mapanelo, otchedwa MC4, magetsi akuyenda. Timayamba tazimitsa inveta ndi swichi yodulira, kuikapo loko, kiyi m'thumba, kenako kuyeza ndi mita. Wina akakuuza kuti "ndazimitsa kale", yeza ndithu wekha.

Udzanena kuti zako ndi zazing'ono, za mavoti 12. Zoona, sizingakugwire monga zathuzi, koma batire ndi limene limawotcha nyumba. Waya akakhudzana popanda fyuzi amafiira nthawi yomweyo, ndipo denga la udzu silichedwa. Ika fyuzi pafupi ndi batire, usalumphe kontirola, ndipo usalumikize waya pongopotokola ndi kukulunga jumbo. Batire la asidi likamatchajidwa limatulutsa mpweya woyaka, choncho lisakhale m'chipinda chotseka chogona ana kapena pafupi ndi mbaula. La kwa Amayi lija ulichotse kunsi kwa bedi lero lomwe.

Za mvula tili chimodzimodzi ndi kumudzi. Miyezi ino mitambo imasonkhana masana, kenako mphenzi ndi matalala, ndipo mphenzi za kuno n'zoopsa zedi. Kapitawo akangomva kugunda, tonse pansi, ngakhale patatsala panelo imodzi. Mphepo nayo ikakupeza utanyamula panelo imakukankha ngati thanga la bwato. Iwenso usakwere malata onyowa ndi mame, usakwere utavala patapata, ndipo usakwere uli wekha. Mwini golosale akakufulumizitsa, muuze abwere mawa.

Mawaya omaliza olowa m'nyumba amalumikiza ndi katswiri wamagetsi wovomerezeka ndi boma, amene amasaina chikalata chotchedwa CoC. Ine sindinafike pamenepo, koma ndikusunga ndalama kuti chaka chamawa ndikayesedwe mayeso a PV GreenCard, a bungwe la SAPVIA, amene makampani a sola kuno amawalemekeza.

Ndamva kuti kwacha yagwa ndi 44 peresenti ndipo zinthu zakwera. Ndatumiza kangachepe kudzera kwa alamu. Muyambe feteleza, yotsalayo mupite nayo kuchipatala ndi mwendowo. Mulungu akalola ndinyamuka pa basi sabata ya Khirisimasi isanakwane, kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete. M'chikwama mudzakhala mita yoyezera magetsi, magolovesi, chipewa cholimba ndi lamba wa mng'ono wanga. Amayi, chonde mumuletse ntchito ya pa denga la tchalitchi ija mpaka ndifike, tidzakwere awiri.

Moni kwa amalume, azakhali ndi ana onse.

Ndatha ine,
mwana wanu woyamba.