Mpata wa masentimita 2.5

M'mapositi ofesi a ku Britain mumakhala kathabwa ka pulasitiki kokhala ndi mipata iwiri, wopyapyala ndi wokulirapo. Kwa mayi wina wosoka zofunda za zigamba zotchedwa quilt, amenenso amagulitsa zidutswa za nsalu kwa osoka anzake pa intaneti, kathabwa kameneka ndiko kamagamula ngati tsikulo apindula kapena angogwira ntchito yathangata. Envulopu ikadutsa pa mpata wa masentimita 2.5, imayenda pa mtengo wa Large Letter. Ikakana, basi yasanduka phukusi, ndipo mtengo umalumpha.

Zimenezi zinayamba mu Ogasiti 2006, pamene bungwe la makalata la Royal Mail linasiya kungoyang'ana kulemera n'kuyamba kuwerengeranso kukula kwa chinthu. Large Letter isapitirire masentimita 35.3 m'litali, 25 m'lifupi ndi 2.5 kuchindikala, komanso isalemere kuposa magalamu 750. Pansi pa 750 pali malire ena a mtengo, pa magalamu 100, 250 ndi 500.

Mayiyu amadziwa manambalawa pamtima chifukwa nsalu yake amaigulitsa pang'onopang'ono. Osoka quilt sagula mpukutu wathunthu. Amafuna mitundu yambiri, pang'ono pa mtundu uliwonse, ndipo chidutswa chimene chimayenda malonda ndi fat quarter, chimene ku Britain chimakhala cha masentimita pafupifupi 50 kwa 55. Cha thonje labwino chimalemera magalamu pafupifupi 40. Ziwiri pamodzi ndi envulopu yopepuka zimakwana pansi pa 100. Zisanu ndi chimodzi zimafika pakhomo penipeni pa 250, ndipo apa ndi pamene kulemera kwa envulopu yeniyeniyo kumayamba kuwawa. N'chifukwa chake sikelo ya kukhitchini anaisamutsira pa tebulo lodulira nsalu, ndipo amayeza zonse pamodzi, ngakhale kapepala kothokoza kasitomala.

Komabe iye amanena kuti kulemera si mdani wamkulu. Mdani ndi kuchindikala, ndipo kuchindikala amakugonjetsa ndi kapindidwe.

Aliyense amene amamuona akupakira amazindikira kuti imeneyi ndi ntchito ya manja ngati kusoka komwe. Amayamba ndi simbi, chifukwa nsalu yamakwinya imasunga mpweya. Kenako amapinda chidutswa chilichonse motambalala, kuti chidzaze envulopu ya C4, ya masentimita 22.9 kwa 32.4, m'malo mokhala kamtolo pakati. Kupinda kulikonse pakati kumawirikiza kuchindikala kawiri, choncho amapinda kochepa monga angathere. Posanjikiza, mbali yopindidwa ya chidutswa choyamba amaiika kumanja, ya chachiwiri kumanzere, kuti mulu usatukuke mbali imodzi. Akatero amalowetsa zonse m'kathumba koonekera ka pulasitiki, n'kutsamira ndi mkono wonse kuyambira kumapeto mpaka kukamwa, mpweya n'kumatuluka kuti fuu, ndipo amamata msanga nsaluyo isanapumenso. Kathumbako kayenera kugwira nsalu zolimba. Kakakhala kotakasuka, nsalu imatsetserekera pansi paulendo, n'kukaunjikana pakona, ndipo envulopu imene inachoka pakhomo ili yafulati imakafika ku malo osankhira makalata itatupa mimba.

Vuto lake silikhala la wotumiza yekha. Kalata ikapezeka kuti sitampa yake inaperewera, wolandira ndi amene amapatsidwa kakhadi koti akalipire chindapusa asanaitenge. Mayiyu amaona kuti palibe ndalama yopulumutsidwa imene ingalipire manyazi amenewo. Envulopu ikamadutsa pa mpata mochita kukankha, iye amachotsamo chidutswa chimodzi kapena amalipira mtengo wa phukusi, ndipo pamenepa ine ndikuti akulondola.

Nanga envulopu yanji? Ya mapepala wamba ndi yotchipa, koma imang'ambika m'makona ndipo mvula ya ku Britain siichitira chifundo. Ija yokhala ndi timatuza ta mpweya m'kati imadya mamilimita angapo pa 25 amene alipo, chonsecho nsalu siisweka kuti ifune kutetezedwa motero. Katoni ndiye ayi ndithu. Zimene amadalira ndi ziwiri: timatumba totuwa ta pulasitiki totumizira katundu, ndi maenvulopu a Tyvek akakhala kuti nsaluyo ndi yodula kapena ikupita kutali.

Tyvek ndi ya kampani ya DuPont ya ku America. Inachokera pa zimene wofufuza wina wa kampaniyo, Jim White, anaona mu 1955, ndipo inayamba kugulitsidwa mu 1967. Imaoneka ngati pepala ndipo imalembeka, koma ndi ulusi wa pulasitiki wa polyethylene wopanikizidwa pamodzi. Ndi yopepuka, madzi salowa, ndipo ndi manja simungaing'ambe. Mtengo wake ndi wokwerapo, koma kusiyana kwake n'kochepa poyerekeza ndi kusiyana kwa mtengo wa kalata ndi wa phukusi. Ili ndi msampha umodzi umene wosoka yekha ndiye angauganizire: poti siing'ambika, kasitomala amaitsegula ndi sizasi, ndipo sizasi ya wosoka ndi yakuthwa. Choncho mayiyu amasiya mpata wa zala ziwiri kumtunda, n'kujambula mzere wosonyeza podula.

Zitenje nazo zimadutsa m'manja mwake, chifukwa osoka quilt ena amakonda maluwa ake owala. Chitenje chatsopano chimakhala chokhuthara ndi mankhwala a kufakitale, moti chimagona bwino chikasitidwa, koma m'mapindo chimatukuka kuposa thonje lofewa. Cha mamita awiri, monga mmene chimagulitsidwira m'misika ya ku Lilongwe ndi ku Limbe, chimakwana mu Large Letter bwinobwino akachipinda motambalala.

Zilipo zina zimene sizigonja. Tizidutswa ta makona anayi ta mainchesi 5 timene timagulitsidwa 42 pamodzi timalowa popanda vuto. Koma jelly roll, mizere 40 ya nsalu ya mainchesi 2.5 yokulungidwa ngati nkhata, imachindikala masentimita oposa 6. Akhoza kuimasula n'kuiyala, koma ogula ambiri amaifuna yokulunga momwemo, choncho amayamba wafunsa. Thonje loika m'kati mwa quilt, komanso quilt yosokedwa kale, zimapita ngati Small Parcel, imene malire ake ndi makilogalamu 2, ndipo mtengo wake amaulemberatu pa malonda kuti wogula aone asanalipire. Zotsalazo amazitumiza pa Second Class, ndipo pa kauntala sachoka asanalandire kalisiti kosonyeza kuti watumiza, kamene amapereka ulere.